Muvale chani pokwera njinga ngati mumachita manyazi

Pali anthu ambiri njinga anagula kalekale koma ingokhala m'nyumba matayala anaphwa, ndipo mukawafunsa bwinobwino vuto si msewu kapena mphamvu ayi, ndi zovala. Wina akuti kabudula wothina uja ndi mimba yangayi ndioneka bwanji, wina akuopa kuti siketi iuluka, wina safuna kufika kuntchito msana wonse uli thukuta lokhalokha. Inenso zinandigwirapo. Tsiku loyamba kuvala kabudula wa njinga ndinaima pakhomo mwina mphindi khumi dzanja lili pachitseko, kenako ndinabwerera kukavula, tsiku limenelo sindinapalase n'komwe ndipo zinandipweteka mumtima.

Nde poyamba dzifunseni kuti ulendo wanu ndi wautali bwanji, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ngati ndi wa mphindi 20 kapena 30, kuntchito, kusukulu, kokagula zinthu, valani zomwe mukanavala mukanakhala kuti mukuyenda wapansi basi. Ku Amsterdam ndi ku Copenhagen, mizinda ya ku Ulaya, anthu amapalasa atavala suti, madiresi, majekete aatali, palibe amene amawacheukira. Zothina zija anapangira anthu opalasa maola ambiri komanso a mpikisano, kuti mphepo isamawakoke ndiponso nsalu isamakhule pakhungu. Inuyo simuli pa mpikisano.

Chofunika kusamala ndi chakuti chovala chisakodwe mu njinga. Tcheni pa njinga zambiri chimakhala kumanja, ndiye mwendo wa buluku wa mbali imeneyo upindeni kawiri kapena katatu, kapena mungoulowetsa mu sokosi, apo ayi mufika uli ndi mzere wakuda wa oyilo umene suchoka msanga pochapa. Zingwe za nsapato zilowetseni mkati. Sikafu yaitali ndi jekete yolendewera kumbuyo, zimenezo ndiye zoopsa zenizeni chifukwa zikalowa m'masipoko mugwa ndithu.

Za siketi ndi diresi, kuli kanjira kena kosavuta. Tengani kandalama kachitsulo kapena batani lalikulu, mulikankhe kuchokera kumbuyo kwa siketi kudutsa pakati pa miyendo mpaka nsalu yakumbuyo ndi yakutsogolo zikumane, kenako mumange ndi kalabala kutsogolo. Siketi ija imasanduka ngati kabudula, mphepo iwombe bwanji siitukula, mukafika mungomasula. Ngati mtima sunakhazikikebe valani taiti kapena kabudula wamfupi mkati. Njinga yopanda chitsulo chapamwamba chija imathandizanso kwambiri pokwera ndi potsika. Siketi yothina kwambiri m'mawondo ndiye ayi, imakumangani miyendo.

Tsopano kwa inu amene mwayamba kupita kutali, ola limodzi kapena kuposa, apa kabudula wokhala ndi siponji pansi uja amathandizadi, sindinganame. Jinzi ili ndi msoko wokhuthala pakati penipeni pomwe mumakhalira pachishalo, pakatha ola mumayamba kuumva ukudula. Kabudula wa njinga amavalidwa wopanda panti mkati, ambiri sadziwa zimenezi ndipo amachita manyazi kufunsa, koma chifukwa chake ndi chakuti misoko ya panti ndi yomwe imakhula n'kuyambitsa zilonda. Mukabwera muchape tsiku lomwelo. Ndipo ngati simufuna kuti thupi lanu lizioneka mmene lilili, valani kabudula wamba wotakasuka pamwamba pake, palibe lamulo loletsa. Ine ndi mmene ndinayambira ndipo mpaka pano masiku ena ndimatero. Sankhani wakuda, woyera akanyowa amaonetsa zamkati.

Thukuta nalo. Nsalu ya thonje imamwa thukuta n'kulisunga, ndipo mtundu wotuwa ngati phulusa ndi umene umaonetsa kwambiri kunyowa, wakuda kapena wamaluwamaluwa umabisa. Chikwama chakumsana ndi chomwe chimanyowetsa msana, chimangeni pakaliyala. Nyamukani msanga pang'ono kuti mupalase mofatsa, mphindi zisanu zomaliza muchepetse liwiro thupi lizizire, ndipo tisheti ina youma mu chikwama siilemera.

Koma zoona zake manyaziwa sali mu nsalu, ali m'mutu, mumaona ngati msewu wonse waima kuyang'ana inu. Pali kafukufuku amene katswiri wa za maganizo a anthu Thomas Gilovich ndi anzake anatulutsa mu 2000, anauza ophunzira a ku Cornell University ku America kuti avale tisheti yochititsa manyazi n'kulowa m'chipinda momwe munali anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthuwo aona chomwe chinali pa tishetiyo, koma amene anaonadi anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Nanga inu amene mukungodutsa pa njinga, munthu amakuonani masekondi angati? Woyendetsa galimoto akuganiza za ulendo wake, woyenda pansi maso ali pa foni.

Sindikunena kuti olankhula kulibe, alipo, makamaka kwa amayi ndi anthu onenepa, ndipo mawu amapweteka. Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1893 Tessie Reynolds, mtsikana wa zaka 16 wa ku England, anapalasa kuchoka ku Brighton kukafika ku London n'kubwerera tsiku lomwelo atavala buluku lofika m'mawondo, nthawi imene akazi ankayembekezeredwa kupalasa ndi siketi yofika kumapazi, ndipo anthu anamunena kwambiri. Ine ndikakumbukira msinkhu wake ndimalimba mtima. Munthu akakukuwizani musaime, musamuyankhe, maso kutsogolo, pakatha masekondi asanu ali kumbuyo kwanu.

Kuti muzolowere yambani pang'onopang'ono. Valani zomwe mwasankhazo m'nyumba kaye, mukhale pachishalo, muwerame kugwira mahandulo ndipo wina amene mumamukhulupirira akuoneni kumbuyo ngati malaya akukwera kapena buluku likutsika, chifukwa poima pagalasi izi sizioneka. Malaya otalikirapo kumbuyo amathetsa vutoli. Kenako tulukani m'mawa kwambiri msewu usanadzaze, muzungulire mphindi khumi zokha. Ulendo wachitatu kapena wachinayi mudzapeza kuti mukuganiza za chitunda chili kutsogolo osati za miyendo yanu.

Pali zinthu ziwiri zimene manyazi asakulandeni. Helimeti ivaleni ngakhale ikuphwanya tsitsi, ikhale yowongoka, mpata wa zala ziwiri pamwamba pa nsidze, lamba womangidwa bwino pansi pa chibwano. Ndipo kukada mumafuna kuti akuoneni ndithu, nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, ndi timalamba tonyezimira m'akakolo, popeza mapazi amakwera n'kutsika ndiye woyendetsa galimoto amazindikira msanga kuti kutsogoloko kuli munthu pa njinga.