Chaka choyamba pa yunivesite ku UK: maola 20 ndi ntchito yongodzipereka

Ukangofika mwezi wa September foni yanga sipuma. Ana a abale, ana a anzanga a kutchalitchi, ena oti sindiwadziwa n'komwe koma nambala anaipeza kwa azakhali awo ku Ndirande, onse funso ndi limodzi: "Ankolo, ganyu ndimupeza kuti?" Sindiwadzudzula. Munthu walipira fizi, walipira viza, walipiranso ndalama ya chipatala yotchedwa Immigration Health Surcharge, yomwe kwa ophunzira inakwera kufika mapaundi 776 pa chaka mu February 2024, ndipo mwina kumudzi anagulitsa puloti kuti zonsezi zitheke. Koma yankho langa ambiri siliwakomera. Ndimawauza kuti ayambe ndi ntchito yosalandira kanthu.

Chifukwa chake n'chakuti mabwana kuno amafuna munthu wa konkuno woti akuchitireni umboni. Kalata ya aphunzitsi anu a ku Zomba ndi yabwino, koma palibe manijala wa sitolo ku Glasgow amene angaimbe foni ku Malawi kuti afunse ngati mumasunga nthawi. Njira yachidule ndi masitolo a mabungwe achifundo monga Oxfam, British Heart Foundation ndi Cancer Research UK, omwe mumawapeza pafupifupi mumsewu waukulu uliwonse. Mumasankha zovala zomwe anthu apereka, kuzisita, kuika mitengo, kenako amakuphunzitsani makina olandirira ndalama. Khutu limazoloweranso Chingerezi cha kuno, chomwe sabata zoyamba chimamveka ngati chilankhulo china. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu muli ndi dzina ndi imelo ya munthu woti mulembe pa CV.

Tsiku langa loyamba m'sitolo yotere ndinaseka ndekha. Zovala zomwe zakanika kugulidwa amazilongedza m'matumba n'kugulitsa kwa amalonda, ndipo zina mwa izo ndi zomwe zimathera m'mabelo opita ku Africa. Ine amene ndinakulira kaunjika wa ku Limbe ndinapezeka ndaima kumene mtsinjewo umayambira.

Tsopano apa mpomwe ambiri amagwera m'mbuna. Ngati mukuchita digiri, viza yanu imakulolani kugwira ntchito maola 20 pa sabata sukulu ili mkati. Maphunziro osafika pa digiri ndi maola 10. Sabata imawerengedwa kuyambira Lolemba mpaka Lamlungu, ndipo palibe zoti sabata yatha ndinagwira maola 10 ndiye ino ndigwira 30. Sabata iliyonse imaima payokha.

Chovuta n'chakuti a Home Office, unduna woona za maviza kuno, amasiyanitsa zinthu ziwiri zomwe ife timangoti "kudzipereka". China amati volunteering, china voluntary work. Pa volunteering palibe mgwirizano wokumangani, simukulowa m'malo mwa wantchito wolembedwa, ndipo simulandira chilichonse kupatula kubwezeredwa ndalama ya basi kapena ya chakudya cha masana. Maola amenewa sawerengedwa pa 20 aja. Koma ngati mukukakamizika kufika masiku ndi maola oikika, kugwira ntchito zoikika, kapena akukupatsani zinthu ngati malipiro, monga malo ogona aulere, imeneyo ikhoza kuonedwa ngati voluntary work, ndipo maola ake amawerengedwa ngakhale musanaone ndalama ngakhale imodzi. Mgwirizanowo sufunika kukhala wolembedwa papepala kuti uwerengedwe.

Tangoganizani: mukugwira maola 18 kunyumba yosamalira okalamba, Loweruka n'kuwonjezera maola 4 a voluntary work. Akwana 22. Mwaphwanya lamulo la viza mukuganiza kuti mukuchita zachifundo. Zikadziwika viza ikhoza kulandidwa, ndipo nkhaniyo imakutsatani pa viza iliyonse yomwe mudzapemphe m'tsogolo. Choncho musanavomere, funsani bungwelo kuti udindowo akuutcha chiyani, kenako tumizani imelo ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja pa yunivesite yanu. Yankho lawo lisungeni. Zonena za mnzanu wa pa WhatsApp amene "wakhala kuno zaka zisanu" sizidzakuimirani. Bungwe la UKCISA, lomwe limalangiza ophunzira ochokera kunja, nalo limafotokoza malamulowa momveka bwino pa intaneti.

Bizinezi ya inu nokha ndiyoletsedweratu pa viza ya ophunzira. Kuluka tsitsi kunyumba, kuphika nsima ndi chambo zogulitsa, kutsatsa zitenje pa Facebook, zonsezo zili momwemo. Ntchito zambiri zokaperekera chakudya panjinga nazonso zimakulembani ngati wodzilemba yekha ntchito, ndiye zitalikireni. Pa holide mukhoza kugwira maola onse, koma a masters samalani: miyezi ya June mpaka August pamene mukulemba dissertation, mayunivesite ambiri amati sukulu idakali mkati.

Ngati mukufuna kuthandiza pa ana kapena okalamba, adzafufuza mbiri yanu. Ku England ndi Wales kumatchedwa DBS, kuno ku Scotland ndi PVG, ndipo kwa odzipereka m'mabungwe achifundo nthawi zambiri simulipira. Kungoti kufufuzako sikuona zimene munachita ku Malawi, motero ena amapempha kalata ya apolisi akwathu. Amene simunanyamuke, pitani ku likulu la apolisi ku Area 30 mukadinde zala. Kuithamangitsa kalatayi muli kuno kumadya nthawi komanso kumatopetsa abale.

Zina n'zachangu. Lembetsani kwa dokotala wa m'dera lanu, amene amati GP, musanadwale. Pemphani nambala ya National Insurance, yomwe imafunika pa ntchito ndi pa msonkho, pa webusaiti ya boma ya gov.uk, ndi yaulere, musapatse munthu ndalama. Viza masiku ano ili pa intaneti, ndipo bwana aliyense adzakupemphani share code, nambala yomwe amaonera ngati muli ndi chilolezo chogwira ntchito. Tenganinso kalata ku yunivesite yoti musamalipire council tax, msonkho wa khonsolo wa panyumba yomwe mukukhala.

Chomwe palibe amene anandichenjeza ndi mdima. Lamlungu lomaliza la October amabweza mawotchi ndi ola limodzi, ndipo pofika December dzuwa ku Glasgow limalowa 4 koloko isanakwane. Umatuluka m'kalasi kunja kuli bii, kuchipinda kuli zii, oyandikana nawe sakudziwa dzina lako. Kwathu munthu sungathe tsiku osapatsidwa moni. Kuno sabata imatha. Ine chimene chinanditulutsa m'chipinda chinali sitolo ija Lachitatu lililonse, ndi gogo wina amene ankandiumiriza kumwa tiyi n'kumandifunsa za Blantyre wakwathu, poti iye anakulira kufupi ndi Blantyre wa kuno kumene anabadwira David Livingstone. A NHS, omwe amayendetsa zipatala za boma kuno, amalangizanso kumwa vitamini D m'miyezi yozizirayi, ndipo ife akhungu lakuda amati tiganizire zomwa chaka chonse.

Ku Scotland dzina la Malawi limatsegula makomo. Maboma awiriwa anasainirana mgwirizano mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, yemwe ankatsogolera boma la Scotland, ndipo bungwe la Scotland Malawi Partnership ku Edinburgh limalumikiza masukulu, matchalitchi ndi magulu omwe ali ndi abwenzi kwathu. Mudzaitanidwa kukalankhula. Pitani, koma musalole kukhala chithunzi cha umphawi pa msonkhano wa ena. Pemphani ntchito yeniyeni yogwirizana ndi zomwe mukuphunzira, kaya kusunga mabuku a ndalama kapena kumasulira makalata.

Polowa m'sitolomo musavale suti. Funsani manijala, nenani masiku amene mulibe kalasi, ndipo yambani ndi maola atatu kapena anayi pa sabata, chifukwa yunivesite imalemba amene akujomba. Manijalayo mudzamuitana ndi dzina lake loyamba ngakhale ali msinkhu wa mayi anu. Lilime limakana masiku oyamba, ine ndinatha mwezi wathunthu ndikuti "madamu" iye akuseka. Tsiku lomwe simutha kubwera, tumizani uthenga dzulo lake.