Masiku amene munali kunja kwa UK musamawerenge pa zala

Amene muli ku UK pa visa ya ntchito nkumadikira ILR (chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale) lamulo mukulidziwa kale: musakhale kunja kwa dzikolo masiku opitirira 180 m'miyezi 12 iliyonse. Koma ife ndi maliro kumudzi, ukwati wa mlongo, kuonjezera Khirisimasi, pofika tsiku lodzaza fomu zidindo za mu pasipoti zangoti mbwee, mutu wabalalika. Isiyireni Excel ntchitoyi, kapena Google Sheets yomwe ndi yaulere olo pafoni.

Mu kabokosi ka A2 lembani tsiku lonyamuka, mu B2 tsiku lobwerera, mu C2 ikani =B2-A2-1 basi. Ka 1 tikuchotsako nchifukwa choti a Home Office amawerenga masiku athunthu okha, lonyamuka ndi lofika salowa. Mukanyamuka pa bwalo la ndege la Heathrow 10 December 2024 nkubwerera 20 January 2025 ikupatsani 40. Ulendo uliwonse mzere wake, pansi =SUM(C2:C20). Kungoti miyezi 12 yawoyo siyoyambira January ayi, iyambira paliponse, ndiye phatikizani maulendo oyandikana olo akhale a zaka ziwiri zosiyana. Pa citizenship malire ndi masiku 450 pa zaka 5, ndi 90 pa chaka chomaliza.

Pomwe ambiri amagwa mpa kalembedwe ka deti. Kompyuta ikakhala pa setingi ya ku America imayamba ndi mwezi, inu mwalemba 03/04/2025 mukuti 3 April iyo yamva March 4, ndipo siyikuuzani kanthu, ingokupatsani nambala yabodza mwaulemu. Lembani 2025-04-03 zithe. Deti ikatsamira kumanzere kwa kabokosi ndiye kuti yatengedwa ngati mawu wamba, mudzangoona #VALUE! Ndipo yankho likatuluka 09/02/1900 m'malo mwa 40 musadandaule, Excel imasunga madeti ngati manambala kuyambira 1 January 1900, ingosinthani format ikhale Number.

Kufuna kudziwa zaka zomwe mwakhala chilowereni mu UK, pa tsamba lina ikani tsiku lolowera mu A2 kenako =DATEDIF(A2,TODAY(),"y"), ndipo "m" ikupatsani miyezi. Polemba Excel siyikuonetsa pa mndandanda wake koma imagwira.

A ku Joni nanunso, pasipoti yathu amadinda masiku 30. Pa tsamba lina ikani deti yomwe masikuwo akuthera mu B2 kenako =B2-TODAY() muziona otsala m'mawa uliwonse, chifukwa kupitiriza ndi masiku osaposa 30 amakutsekerani chaka, kuposa pamenepo ndi zaka 5.