Mwana akamakuwa kapena kuyenda ali m'tulo

Mayi wina wa ku Yeoville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, wafunsa: mwana wawo amadzambatuka usiku n'kumakuwa, maso ali tong'o, koma kukacha sakumbukira kalikonse. Atani?

Choyamba, Mayi, musamugwedeze kuti adzuke. Ali m'tulo tofa nato, mungomusokoneza. Izi zimakonda kuchitika maola atatu oyambirira akagona. Akayamba kuyenda, mugwireni dzanja mofatsa, mumubwezere pabedi.

Kenako tsekani mawindo, kiyi wa chitseko muike poti safikira. M'mafulati a nsanjika awa, choopsa ndi zenera, osati mfiti.

Lembani nthawi yake kwa sabata imodzi. Ikamafanana, muzimudzutsa pang'ono kutatsala mphindi 15.

Zikachuluka, akadzivulaza, akamachita mkonono kapena kugwedezeka ngati wakhunyu, pitani naye kukiliniki. Akavulala kwambiri, imbani 10177, nambala ya ambulansi ku South Africa.