Njira Yomvetsera Kapangidwe ka Mpope Wopepuka wa Mzinga

Wophunzira za zitsulo, kaya ali ku Moatize kapena mu mzinda wa Tete, ayambe ndi kufunsa kuti mphamvu ya wonga ikaphulika imagunda pati. Gabriel Lamé wa ku France anasonyeza m'zaka za m'ma 1800 kuti chitsulo cha m'kati mwa mpope ndicho chimasenza katundu wochuluka, pamene cha kunja chimathandiza pang'ono chabe. Choncho kunenepetsa mpope kumawonjezera kulemera kwambiri kuposa kulimba.

Kenako onani njira yakale. M'zaka za m'ma 1850 William Armstrong wa ku Britain ankatenthetsa mikombero yachitsulo n'kuiveka pa mpope, ndipo ikazizira inkaufinya, monga momwe makaniko amatenthetsera beringi kuti ikazizira igwire shafuti zolimba.

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa njira yamasiku ano, yotchedwa autofrettage, imachita zomwezo ndi chitsulo chimodzi chokha. Amisiri amapopera madzi amphamvu zedi m'kati mwa mpope, kapena amakankhiramo chitsulo cholimba chokulirapo pang'ono kuposa bowo, mpaka khungu la m'kati litafutukiratu osabwereranso. Chitsulo cha kunja, chomwe changotamuka, chimafuna kubwerera mwakale, motero chimafinya cha m'kati nthawi zonse. Mzinga ukawomba, mpweya wa wonga umayenera kugonjetsa kaye kufinyako usanayambe kukoka chitsulo, ndipo ming'alu ing'onoing'ono imachedwa kukula. Ichi ndicho chimalola khoma kukhala lopyapyala.

Mukatero yang'anani maonekedwe ake. Mpope umanenepa kumbuyo kumene wonga umapsera, n'kumaonda polowera kukamwa, pakuti mphamvu ya mpweya imatsika chipolopolo chikamayenda. Chitsulo chake chimasakanizidwa ndi zitsulo zina zotchedwa nickel, chromium ndi molybdenum, ndipo nthawi zambiri bowo limakutidwa ndi chromium kuti lisaperepeseke msanga.

Musapusitsidwe ndi mbiri yakuti titanium, chitsulo chopepuka koma cholimba, ndiye amapeputsa mpope. Mzinga wa M777 wa bowo la mamilimita 155 umalemera pafupifupi makilogalamu 4,200, pamene M198 umene unkagwiritsidwa ntchito kale unkapitirira 7,000, koma titaniyamu wa mu M777 ali makamaka m'miyendo ndi m'chimango. Mpope weniweniwo ndi wachitsulo ndithu, ndipo ukakhala wopyapyala umatentha msanga, n'chifukwa chake asilikali amaletsedwa kuwombera mothamanga kwa nthawi yaitali.