Mungasunge bwanji kwa kanthawi galu kapena mphaka wotayidwa?

Malo osungirako ziweto zotayidwa amadzaza msanga chifukwa mabanja ovomera kuzisunga kwa kanthawi ndi ochepa. Ngati mukufuna kuthandizapo, yambani mwagwirizana ndi apabanja panu komanso eni nyumba ngati ili ya lendi. Kenako pitani kubungwe losamalira ziweto, mukamvane za amene azilipira chakudya ndi mankhwala.

Chiwetocho chikafika, chikhale pachokha milungu 2, chifukwa matenda ena amachedwa kuonekera. Funsaninso ngati chinalandira katemera wa chiwewe. Galu akabisala kunsi kwa tebulo n'kukana kudya, chonde musamukoke, nthawi zambiri amakhala mantha chabe. Muikireni mbale pafupi, mumusiye. Tiana ta mphaka tongobadwa kumene ndiye ntchito: timafuna mkaka wapadera maola 2 kapena 3 alionse, ndi usiku womwe.

Muzitumiza zithunzi za chiwetocho kubungweko kuti wochitenga kuti chikhale chake apezeke msanga.