Mmene mungafotokozere wodwala amene Chichewa si chakwawo

Ndikulembera inu anamwino ndi madokotala amene mwangomaliza sukulu, boma n'kukutumizani kudera kumene simunakulireko: mwana wa ku Dedza wapezeka ku Makanjira, wa ku Rumphi ali ku Nsanje. Ine unamwino wanga ndaugwirira kwambiri m'zipatala zing'onozing'ono za kunyanja, kumene amayi ambiri pasikelo amayankhula Chiyao.

Tinaphunzira m'Chingerezi, m'buku la wodwala timalembamo "bd" ndi "tds" (kawiri pa tsiku ndi katatu pa tsiku), pakamwa timafotokoza m'Chichewa, koma munthuyo akakafika kwawo akaganiza m'Chiyao, m'Chisena kapena m'Chitumbuka. Popeza Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, timangoti aliyense amachimva. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Achewa ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse. N'zoona kuti Alomwe ndi Angoni ambiri kunyumba amayankhula Chichewa chomwechi, koma gogo wa ku Chitipa kapena mayi amene sanapite patali ndi sukulu ku Katuli ali ndi Chichewa cha pamsika basi. Chimakwana kugulira usipa, koma pa nkhani ya maola omwera mankhwala chimaperewera. Ndipo ife tikaona kuti tikuvutika kumvana, timafupikitsa: wodwala wa kwathu timamufotokozera bwinobwino, winayu timangomuninkha mapilitsi n'kuitana wotsatira.

Yambani ndi kufunsa, musalote poona dzina kapena kavalidwe. "Amayi, kunyumba mumayankhula chiyankhulo chanji?" Yankho lake mulilembe ndi zilembo zazikulu pachikuto cha buku lawo la kuchipatala, kuti mnzanu amene adzawaone ulendo wina asadzayambirenso. Moni wa m'deralo muphunzireni sabata yoyamba yomwe. Muziphonya, azikusekani, koma munthu akaseka amamasuka.

Nkhani ya womasulira ndiye yofunika kuisamala. Wabwino kwambiri ndi wogwira ntchito mnzanu wobadwira konko, kaya mlangizi wa zaumoyo kaya mayi wothandiza m'wodi, chifukwa amadziwa kusunga chinsinsi. Gadiyani amathandiza pa malungo ndi chifuwa, koma pali nkhani zina zimene mayi sangazitchule mwana wake kapena apongozi ake ali pomwepo: matenda opatsirana pogonana, kulera, zotsatira za magazi, nkhanza za m'banja. Zikatere mutulutseni gadiyaniyo mwaulemu n'kuitana munthu wina. Mwana wasukulu asamasulire za kumaliseche kwa mayi ake, ngakhale Chichewa chake chikhale chothyakuka bwanji. Poyankhula, maso anu akhale pa wodwala, osati pa womasulira. Nenani chiganizo chimodzi, imani, amasulire. Ndipo mukaona kuti agogo ayankhula nthawi yaitali koma womasulira wangoti "akuti mutu", funsaninso. Zimene zatayidwa panjirazo kawirikawiri ndi zomwe mumazifuna.

Tiyeni titenge LA, amene wakhala mankhwala oyamba a malungo kuno kuyambira 2007. Munthu wolemera makilogalamu 35 kupita m'tsogolo amamwa mapilitsi 4 nthawi imodzi, kawiri pa tsiku, masiku atatu, onse pamodzi 24. Povuta ndi tsiku loyamba, chifukwa achiwiri amamwedwa pakatha maola 8. Mukangoti "pakatha maola eyiti" kwa munthu wopanda wotchi, mwataya mawu. Oyambawo amwere pamaso panu, inu muwerenge nokha nthawiyo n'kumupatsa chizindikiro chimene amachidziwa. Ngati wamwa 10 koloko m'mawa, achiwiri ndi dzuwa likamalowa. Kwa Asilamu nthawi za swala zimathandiza kwambiri, poti azana, kuitana kwa kumzikiti, amamveka mudzi wonse. Tengani bolopeni mujambule dzuwa ndi mwezi pa paketi pomwepo. Muwauzenso kuti amwe atadya, makamaka chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro, wakhanda ayamwe. Ndipo amalize onse ngakhale thupi litazizira tsiku lachiwiri, asasungire mng'ono wake otsalawo.

Thanzi ORS, wa mwana wotsegula m'mimba, nayenso amafuna kuonetsa ndi manja. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, koma lita ndi mawu a kusukulu. Patebulo panga pamakhala mabotolo awiri a 500 ml opanda kanthu, ndimangowanyamula n'kunena kuti awiri odzadza ngati awa. Zinki mwana amwe masiku osachepera 10, ngakhale kutsegulako kutasiya.

M'mwezi wa Ramadani funsani ngati munthu akusala musanamupatse mankhwala omwa katatu pa tsiku. Ambiri sakutsutsani; amalandira, n'kukamwa onse usiku motsatizana. Chisilamu chimalola wodwala kumasula n'kudzabweza masikuwo akachira, ndipo odwala ambiri amadziwa zimenezi, kungoti amafuna wina awauze kuti matenda awowa afika pamenepo. Kambiranani, ndipo ngati alipo mankhwala ena oyenera omwa kawiri pa tsiku, afunseni adokotala.

Tsopano funso loti "Mwamva?" lisiyeni. Kwathu kuno munthu wolemekezeka akayankhula timati "eee", ndipo mayi amene wayenda mtunda wautali, wakhala pabenchi kuyambira m'mamawa, sanganene kuti sanamve pamene anzake akusuzumira pakhomo. M'malo mwake muikeni mapilitsiwo m'manja: "Tandionetsani amene mukamwe madzulo ano." Kapena: "Abambo kunyumba akakufunsani kuti achipatala anena chiyani, mukawauza bwanji?" Ayankhe m'chiyankhulo chake, womasulira akubwezereni. Onjezani kuti mukufuna kuona ngati inuyo mwafotokoza bwino, kuti asaone ngati ali pamayeso. Akaphonya, musabwereze mawu omwewo mokweza, poti vuto si makutu. Fotokozani mwa njira ina, aonetseninso.

Ndikudziwa muti mzere ndi wautali, ndipo m'chipindamo muli nokha. Ndiye sankhani zitatu zokha: vuto ndi chiyani, mankhwala amwedwe bwanji, abwerere liti. Zina zonse zipite ku phunziro la zaumoyo limene odwala amamvera m'mawa pakhonde, ndipo aphunzitse ndi munthu woyankhula chiyankhulo cha m'deralo, osati amene ali pa ndandanda tsikulo chabe.

Pa zitatuzi, chachitatu ndi chomwe timakonda kuchidumpha tikatopa. Mayi wa mwana wodwala malungo asatuluke asanatchule yekha zizindikiro zomubweretsa msanga ngakhale pakati pa usiku: mwana akakomoka, akamasanza chilichonse, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akafooka mpaka osadzuka, kapena akamapuma movutika.