Momwe mungasiyanitsire helium ndi hydrogen musanapope mabaluni a paphwando

Amene timakongoletsa maholo a ukwati ndi maphwando a tsiku lobadwa timafunsidwa za mtundu wa mabaluni ndi mtengo wake, koma n'kamodzikamodzi kuti kasitomala afunse za mpweya womwe uli m'katimo. Mipweya yomwe anthu amapopera mabaluni ouluka ndi iwiri, helium ndi hydrogen. Yonse ilibe mtundu, ilibe fungo, ndipo baluni ikafufuma simungaisiyanitse ndi maso. Koma umodzi umayaka.

Choyamba, dziwani kusiyana kwake. Hydrogen ndiye wopepuka kuposa mipweya yonse: lita imodzi imalemera magalamu pafupifupi 0.09, pomwe ya helium ndi 0.18. Mpweya womwe timapumawu ndi magalamu pafupifupi 1.29 pa lita. Ogulitsa ena amakuuzani kuti hydrogen amakweza baluni kawiri kuposa helium poti ndi wopepuka kawiri. Si zoona. Chomwe chimakweza baluni ndi kusiyana kwa kulemera pakati pa mpweya wa m'kati ndi wakunja, ndiye mukachotsera mupeza 1.2 kwa hydrogen ndi 1.1 kwa helium. Phindu lake ndi lochepa zedi. Kusiyana kwenikweni kuli pa moto. Helium sagwirizana ndi chinthu chilichonse, sayaka, ndipo amazimitsa lawi. Hydrogen akangosakanikirana ndi mpweya wamba, kuyambira magawo 4 mpaka 75 pa 100 alionse, kamoto kakang'ono kamakwanira. Ndi hydrogen yemweyu amene anali m'chombo chouluka cha Hindenburg, chomwe chinapsa ku Lakehurst m'dziko la America pa 6 May 1937 n'kupha anthu 36.

Chachiwiri, pitani mukaone nokha silinda yosungiramo mpweyawo, musamangotuma mwana kuti akatenge mabaluni opopapopa. Silinda ya helium imakhala ndi chizindikiro chobiriwira cha mpweya wosayaka komanso nambala ya UN 1046. Ya hydrogen imakhala ndi chofiira chojambulidwa lawi, nambala yake UN 1049. Mukapeza chithanki chowotcherera pamanja, chopanda zolemba, chofunda mukachikhudza, kukamwa kwake kuli zoyerayera ngati phulusa, bwererani. Wogulitsa ameneyo akupanga hydrogen yekha ndi caustic soda ndi zidutswa za aluminiyamu. Mabaluni ake nthawi zambiri amakhala ndi timadontho ta madzi m'kati. Mtengo nawonso umaulula. Helium sapangidwa m'fakitale, amatengedwa pansi pa nthaka pamodzi ndi gasi wachilengedwe, makamaka ku America, Qatar ndi Algeria, ndipo amalimbiranidwa ndi zipatala zomwe zimaziziritsira makina a MRI ojambulira m'kati mwa thupi. Pofika kuno amakhala atadula kale. Munthu akakuuzani mtengo wotsika ndi theka, dzifunseni kuti wamutenga kuti.

Chachitatu ndi kuyesa, ndipo apa ndi pomwe ine ndinapsa. Tsiku lina silinda yanga inathera pakati pa ntchito, phwando la mwana wa zaka zisanu likuyamba 2 koloko masana. Ndinathamangira kwa bambo wina yemwe mnzanga anandilozera. Anandilumbirira kuti ndi helium, mtengo unali wabwino, ndipo sindinafunse kuti ndione silinda. Ndinamanga mabaluni khumi ndi awiri kuseri kwa tebulo la keke. Atayatsa makandulo, mwana wina anakoka chingwe, baluni imodzi n'kutsikira pa lawi. Tinangomva phuu! Moto unalumphira ku mabaluni enawo nthawi yomweyo, nsalu ya patebulo inagwira, ndipo mayi wa mwana mwini phwando anapsa nsidze ndi tsitsi la pamphumi. Labala wosungunuka anamatirira padzanja langa, chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Mwana mwini phwandoyo anali atawerama kuti auzire makandulo. Ndikakumbukira mtima umandipwetekabe.

Kuyambira pamenepo, gasi aliyense wochokera kwa munthu wachilendo ndimamuyesa motere. Popani kabaluni kamodzi kukula ngati lalanje, musapitirire apo. Tulukani nako panja, kutali ndi silinda, mabaluni ena, ana komanso denga laudzu. Sungunulani sopo wotsukira mbale m'kambale ka madzi. Lowetsani kapaipi komwera zakumwa kukamwa kwa baluni, mbali inayo m'madzi, kenaka tulutsani mpweya pang'onopang'ono mpaka pachite thovu lodzaza chikhatho. Chotsani baluniyo, ipite kutali. Ndiye yatsani nsonga ya kamtengo kotalika mita imodzi kapena kuposa, mukhudze thovulo mutatambasula mkono, nkhope mutayang'ana kumbali. Akakhala helium, thovu limangophwa, mwinanso lawi n'kuzima. Akakhala hydrogen mumva kaphokoso ka phu, thovu n'kuyaka kamodzi n'kamodzi. Masana lawi lake silioneka bwino, choncho tcherani khutu kwambiri. Musayerekeze kuyandikiza machesi pabaluni yeniyeniyo kapena pakamwa pa silinda.

Pali ena amayesa pokoka mpweyawo kuti amve ngati mawu asintha. Njira imeneyo siithandiza, chifukwa mipweya yonse iwiri imachititsa mawu kumveka ngati a kamwana. Ndi yoopsanso: helium alibe poizoni, koma amalanda malo a oxygen m'mapapo, munthu n'kukomoka. Ana muwaletse ndithu.

Mukatsimikiza kuti ndi helium, zotsalazo n'zosavuta. Imikani silinda choongoka, muimangirire kuti isagwe. Mabaluni alabala muwapope tsiku lomwelo, maola awiri kapena atatu mwambo usanayambe, chifukwa helium amadutsa m'timabowo ta labala ndipo pakatha maola 8 mpaka 12 amayamba kugwa. Onyezimira aja a foil amakhala masiku angapo. Musawapope mpaka kulimba gwa, makamaka mu October, poti akatenthedwa m'galimoto amaphulika. Ndalama zikavuta, popani ndi pampu wamba n'kuwamangirira pa waya kapena kukhoma, helium mungosungira asanu kapena asanu ndi imodzi a pafupi ndi keke.